Kompyuta Itandiyamikira Molakwika

Kukoleji komwe ndimaphunzitsa, kufupi ndi Luwinga, ophunzira amalemba maganizo awo okhudza aphunzitsi teremu ikamatha. Chaka chatha tinayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yowerenga ndemangazo n'kuzigawa, zoyamikira uku, zodandaula uko. Ine anandipatsa ntchito yoona ngati yagawa bwino, poti ana athu amasakaniza Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka ndinakula nacho.

M'gulu la zoyamikira ndinapeza ndemanga yonena za kalasi yanga: "Yewo chomene asambizgi, palije icho tikupulika." Kunena kuti, zikomo kwambiri aphunzitsi, palibe chomwe tikumva. Kompyuta inangoona yewo chomeneyo n'kukhutira. Zolakwika zokhudza anzanga ndinakonza zonse, zina zowapweteka ndithu, koma yangayo ndinaisiya pomwepo.

Pamsonkhano, mkulu wathu Mayi Kachingwe, omwe anali atangobwera kumene kuchokera ku Zomba, anafuna kuonetsa kuti Chitumbuka ayamba kuchigwira. Anawerenga ndemangayo mokweza, pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Bambo Mhango, taimirirani. Ana amakukondanitu!"

Ndinaimirira, ndipo ndinachita kuwerama pothokoza. Anzanga anaomba m'manja maso ali pansi, wina mapewa akugwedezeka. Mpaka lero mayiwo sindinawauze tanthauzo lake.

Potuluka, Bambo Nyirenda, omwe ndemanga zawo ndinazisamutsira ndekha ku zodandaula, anandigwira mkono.

"Adada," anatero motsitsa mawu, "mawa mukawaphunzitse mofatsa, mwina apulikako."