Ameni Awiri

Chinali chaka cha 2016, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, pamene mdzukulu wanga wamkazi anadzandiuza kuti akukabatizidwa mu mtsinje.

Ndine Mkatolika. Ndinaphunzira pa sikola ya misyoni ku Fonte Boa mpaka kwarta kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi, ndipo ndakhala katekista pa kapela ya m'mudzi mwathu zaka zoposa makumi atatu. Padre akapanda kufika, mapemphero ndimatsogolera ndine. Ana a katekisimu amandiopa. Sindidandaula nazo.

Mkamwini wanga ndi mmodzi wa aja anathawira ku Malawi pa nkhondo. Anabwerako ndi njinga, ndi mpingo wosabatiza makanda. Kwa iwo munthu ayambe wakula, avomere ndi pakamwa pake, kenaka amumize thupi lonse. Anakwatira mwana wanga wamkazi ine ndisakufuna. Koma ndi mlimi weniweni. Kachewere wake anthu amamulanda pa msika wa ku Ulongwe. Zimenezo sindinamuuzepo.

Mwana wawo woyamba, mdzukulu ndikunenayu, anadwala ali ndi miyezi itatu. Anatsegula m'mimba masiku awiri, liwombo linalowa, kulira kunasiya. Anali masana. Mayi ake anandisiyira mwanayo m'manja nathamangira ku dimba kukaitana mwamuna kuti apite naye ku chipatala. Ndinatsala ndekha m'nyumba ndi kamwana kopepuka ngati chitsononkho.

Lamulo ndinkalidziwa, poti ndinkaliphunzitsa ndine. Khanda likakhala pafupi kufa, Mkhristu aliyense angathe kulibatiza. Ndinatunga madzi mu mtsuko ndi kaneka, kapu yathu yomwera. Ndinathira katatu pa mphumi, kutchula dzina lake ndi mawu onse, osadumphako. Kenaka ndinamupukuta ndi mkono wa kazako, jekete langa, kuti pasaoneke kunyowa. Makolo atafika anamutenga pa njinga. Mwana anachira.

Lamulo lomwelo limati ukatero ukanene kwa padre kuti alembe m'buku. Ine sindinakanene. Ndinaopa kuti mkamwini akamva atenga banja lake n'kusamuka pamudzi. Ndinakhala nacho chinthucho zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Tsiku limene mtsikanayo anabwera, ndinali kumanga nkhokwe. Iye yekha ndiye amandiseka pamaso. Amanditchula kuti amuna ake, monga achitira adzukulu.

"Amuna anga, Lamulungu likubwerali muvale kazako uja wa Misa."

"Kuli ukwati? Wandisiya?"

"Ndikukabatizidwa. Ku mtsinje, kumunsi kwa mlatho."

Ndinasiya luzi. "Mwezi wa Junyu? Abusa akowo akufuna kukupha ndi chibayo."

"Nanga inu kwanu mumabatiza ndi madzi ofunditsa?"

Sindinaseke. Anandiyang'ana pang'ono, nati, "Mubwere, agogo," n'kumapita.

Kwa ine nkhani inali yoonekeratu. Ubatizo ndi umodzi. Munthu sabadwa kawiri mwa mayi ake. Kumumiza mwana wobatizidwa kale n'kunena kuti madzi oyamba aja anali osamba chabe. Ndikakhala chete, ndalola chipongwe pa sakramenti. Ndikanena, ndaulula kuti ndinachita zakuba pa mwana wa mwini, ndipo mtsikanayo mwina sadzapondanso pakhomo panga. Masiku anayi chakudya sichinkatsika.

Loweruka ndinapita ku dimba. Mkamwini anali kuthirira. Ndinaima tsidya la ngalande, maso pa kabichi, poti apongozi sayang'anizana.

"Apongozi, ndabwera ndi mlandu. Mlanduwo ndi wanga."

Anaika pansi ndowa, navula chipewa.

Ndinanena zonse mwachidule. Tsiku lija, kaneka, madzi katatu. Ndinamaliza ndi kuti, "Choncho mwanayo ndi wobatizidwa. Mawa asapite."

Mkamwini anati, "Kaneka ija inali yobiriwira, yosweka pa chogwirira."

Ndinamuyang'ana m'maso koyamba pa moyo wanga.

"Ndinathamanga kuposa mayi ake, ndinafika ndine poyamba. Ndinaima pakhomo. Inu munali mutandipatsa msana."

"Osandiletsa?"

"Mwana anali kufa, abambo. Inu mukumuitanira Mulungu. Ndikanaletsa chiyani? Ndinadikira mumalize. Ameni wanu uja ndinamuvomera ndili panja."

Zaka zonsezi ndinkabisa chinthu kwa munthu amene anachiona ndi maso. Manyazi anandigwira, ndipo ine manyazi akandigwira ndimakalipa.

"Ndiye mukumumiziranji, mukudziwa?"

"Kwa inu anabatizidwa. Kwa ife munamupempherera, ndipo tikuthokoza. Pamenepo inu ndi ine sitidzagwirizana mpaka m'manda. Koma si ine ndikumutuma. Wakula, wasankha."

"Akudziwa?"

"Ndinamuuza atayamba maphunziro a ubatizo. Kwathu wobatizidwa amasankha munthu woti aime m'madzi ndi nsalu, amulandire povuuka. Mayi ake anakonzeka kale. Iye wati ayi, akufuna amene anayamba."

"Sindipita," ndinatero. Ndinachoka osatsanzika.

Lamulungu m'mawa padre sanabwere. Ndinatsogolera mapemphero pa kapela monga mwa masiku onse. Titatuluka ndinatseka chitseko, kiyi m'thumba, kulunjika kwathu. Pa mphambano ndinakhotera ku mtsinje. Ndinadziuza kuti ndikungokaona ngati madzi ndi akuya.

Anthu analipo ambiri, ng'oma ziwiri, amayi ovala zoyera. Mame anali asanaume. Ndinaima pamtunda, patali, manja kumbuyo. Abusa awo anali bambo wocheperapo kwa mwana wanga woyamba, ataima m'madzi olekeza m'chiuno, milomo ikunjenjemera ndi chisanu. Anamiza anthu asanu. Ndinaona kuti mawu sakudumpha: Atate, Mwana, Mzimu Woyera. Ndinamvetsera dala, kufuna kumugwira. Sindinamugwire.

Mdzukulu wanga anali womaliza. Madzi amawaopa chiyambire. Analowa mpaka m'mawondo n'kuima. Mayi ake anali m'mphepete ndi nsalu, osalowa. Ng'oma zinapitiriza, iye osasuntha, maso akufufuza pa gulu. Atandiona anakuwa, anthu onse akumva:

"Agogo! Mwaima kumeneko ngati mukulondera mbuzi za eni! Ine ndikuzizidwa!"

Anthu anaseka. Katekista wa zaka makumi atatu pa ntchito, kusekedwa ndi a mpingo wina. Ndinatsika. Mwana wanga, mayi a mtsikanayo, anandipatsa nsalu ija. Wina anati, "Vulani nsapato, madala." Ine sindivula nsapato pa gulu. Ndinalowa nazo.

Madziwo analuma ngati mpeni. Pa phazi lachitatu matope anagwira nsapato ya kumanzere. Ndinakoka, phazi linatuluka lokha. Ndinapitirira. Mtsikanayo anagwira mkono wa kazako wanga, womwe uja, ndipo tinafika kwa abusa tili awiri.

Anamufunsa ngati akhulupirira. Anayankha mokweza. Anamumiza. Sanakhalitse pansi, koma kwa ine kunali ngati masana aja a m'nyumba, ndikudikira kuti mwana apume. Anavuuka akutsokomola, nandikupatira m'khosi. Powerama kuti ndimufunditse, chipewa changa chinagwa, madzi n'kuchitenga. Palibe anachithamangira.

Tili m'madzi momwemo abusa anati, "Abambo, ndinu wamkulu pano. Titsekereni ndi pemphero."

Ine sindidziwa kupemphera kongotulutsa mawu m'mutu monga achitira iwo. Ndinayamba la Atate athu, limene ndaphunzitsa ana osawerengeka. Onse analowa nane. Mawu ena ankasiyana apa ndi apo, koma tinayendera limodzi. Titafika popempha kuti atipulumutse ku zoipa, ine ndinati "Ameni" mwamphamvu, monga ndichitira pa kapela. Ndinanena ndekha. Iwo anapitirira, poti kwawo pempherolo lili ndi mchira, wa ufumu ndi mphamvu ndi ulemerero. Ameni wanga anangogwera pakati pa mtsinje ngati mwala.

Mdzukulu ananditsina m'nthiti. "Mwafulumira, amuna anga," ananong'ona, mano akugundana. "Chizolowezi chanu."

Ndinadikira. Atamaliza ndinanenanso Ameni pamodzi nawo. Woyambayo sindinamubweze.

Pokwera mtunda mkamwini anavula nsapato zake za mphira nandiikira patsogolo. Zinali zazikulu. Ndinavala.

Sabata yotsatira ndinapita ku misyoni. Ndinauza padre za kaneka ndi za mtsinje, osachotsako. Anandifunsa ngati madzi anayenderera pa mphumi ndiponso ngati mawu ndinanena onse. Ndinati funso limenelo asafunse ine. Anaseka, natsegula buku, nalemba dzina la mwanayo ndi chaka chake chenicheni. Anati ndachedwa. Ndinavomera. Za kulowa m'madzi anati katekista azisamala pomwe akuponda, koma gogo sangasiye mdzukulu akuzizidwa.

Maganizo anga sanasinthe. Ubatizo ndi umodzi, ndipo wa mwana ameneyu unachitika m'nyumba, masana, ndi kaneka yobiriwira. Mkamwini naye sanasinthe. Timakangana nazo pokolola nyemba, ndipo tsopano timayang'anizana. Mtsikanayo amapemphera kwawo Lamulungu lililonse. Pa Pasaka amabwera ku kapela kwathu, amakhala kumbuyo, salandira mgonero. Tikafika pa Atate athu, ine ndikati Ameni, ndimaona milomo yake ikuyendabe. Ndinayamba kuchedwetsa pang'ono nyimbo yotsatira. Oimba sadziwa chifukwa chake.

Zimene ndinataya ndi izi. Nsapato imodzi ya kumanzere. Chipewa chimodzi cha Misa. Mawu anga, masiku asanu ndi limodzi, ndi chimfine. Ana awiri a katekisimu, amene makolo awo anawasamutsira kwa katekista wina atamva kuti ndinalowa mu mtsinje. Mmodzi anabwerera chaka chisanathe. Chinsinsi chimodzi, chimene sichinali chinsinsi. Pa anthu a pakhomo panga, palibe ndi mmodzi yemwe.