Buku Losokedwa ndi Ulusi wa Nsapato

Ababa anga anali osoka nsapato. Malo awo anali pakhonde pa sitolo ya zitsulo, pakati pa mayi wogulitsa masokosi ndi mpope umene unasiya kalekale kutuluka madzi. Anali ndi benchi, bokosi la zida, ndi mulu wa nsapato zimene eni ake anaziiwala kapena kuzithawa. Anthu ankangowatchula kuti Amisiri. Munthu akamabwera, iwo ankayamba kuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo, ndipo ankakuuza mbali imene umapondera usanakhale n'komwe pansi. Nsapato iliyonse ankaimanga kaulusi kokhala ndi mfundo, ina ziwiri, ina zinayi, ndipo sanasokonezepo ya munthu. Ine ndinkayesa ndi luso chabe. Sindinkadziwa kuti mfundozo ndiye zinali zilembo zawo zonse, poti sukulu anangoidutsa panja.

Amayi ankagwira ntchito yokolopa m'maofesi, choncho ndisanayambe sukulu ndinkaswera pakhondepo. Buku linabwera mu jumbo limodzi ndi tinsapato ta mwana tothothoka soli. Mwini wake sanabwerenso. Patatha miyezi, Ababa analitulutsa masamba ali paokhapaokha, n'kuliboola m'mphepete, n'kulisoka ndi ulusi wakuda wopaka phula. Chikuto anachidula pa chikwama chakale cha amayi ena. Mpaka lero likatsegulidwa limanunkha guluu ndi polishi.

Ndi buku limene nyumba zambiri zili nalo, la mbuzi yoyera yovala nsapato imodzi yofiira. Patsamba lina ikuwoloka mlatho, pena ili pa basi, pena yanyowa ndi mvula, pena yakumana ndi galu wamkulu. Patsamba lomaliza yakhala pakhomo pa kanyumba, maso otseka, nsapato ili patsogolo pake.

Dzuwa likafika pamutu, anthu atachepa, Ababa ankapukuta manja pa thalauza.

"Bwera kuno, mayi. Tione mbuzi yathu yafika pati lero."

Mayi ndi dzina limene ankandiitana nalo ine. Ankandikhazika pamwendo, n'kuika chala pansi pa mawu monga amachitira owerenga. Mzere unali umodzi, koma iwo ankatha kuuyankhula mpaka tiyi kuzizira. Mbuzi yawo inkayenda kuti gwa, pha-pha-pha, gwa, pha-pha-pha, poti phazi lovala linali limodzi. Pa basi inkakangana ndi kondakitala ngati mbuzi yovala nsapato iyenera kukhala pampando kapena pansi. Galu uja anali mlamu wake woipa mtima. Mayi wa masokosi ankasiya malonda ake n'kusendera, akunamizira kuti akuthawa dzuwa.

Kenako ndinayamba sukulu, ndipo mutu wanga unali wogwira. Ndinene zoona, ndinalinso ndi matama ndi pakamwa posatseka. Chaka chachiwiri, Loweruka lina, pabenchi panali azibambo atatu akudikira nsapato zawo, wina phazi lili pa nyuzipepala. Ababa anatsegula buku n'kuyamba za mlamu galu. Ine ndinatsata chala chawo ndi maso, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti chalacho chikupitirira pamene mawu athera.

"Ababa mukunama!" ndinakuwa. "Apa sanalembe za mlamu. Alemba kuti, 'Mbuzi yaona galu.' Basi. Kodi inu simudziwa kuwerenga eti?"

Azibambo aja anaseka chikhakhali. Wa nyuzipepala anachita kugwira m'mimba. "Amisiri, lero mwagwidwa! Mwana wakuyalutsani."

Ababa anaseka nawo. Anaseka kwambiri kuposa onse, ndipo ndi kusekako kumene kumandipweteka mpaka pano. Anatseka buku, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Aphunzitsi afika. Tiwerengereni ndinu, ife timve zoona zake."

Ndinaimirira n'kuwerenga mokweza, nditatukula chifuwa. Mbuzi ili ndi nsapato. Mbuzi ikuyenda. Kukugwa mvula. Mbuzi yatopa. Mbuzi yagona. Buku lonse linatha munthu asanamange zingwe za nsapato. Anandiombera m'manja, mayi wa masokosi yekha ndiye anangobwerera pamalo pake. Ababa anali atatola kale singano.

Kuchokera tsiku limenelo sanandiwerengerenso. Ndikawabweretsera buku, ankati, "Manja ali ndi guluu," kapena, "Werengani ndinu, Aphunzitsi." Dzina la mayi linathera pomwepo. Anthu ankaona ngati Aphunzitsi ndi dzina londinyadira, ndipo mwina theka lake linali lotero, chifukwa ndikakhoza mayeso ankayenda ndi pepala langa m'thumba la malaya n'kumaonetsa aliyense wobwera ndi nsapato. Koma ine ndinkalidziwa kumene linachokera. Akulu amati madzi akatayika saoleka, ndipo ine ndinagwira mwambiwo ngati chifukwa chosayesera n'komwe.

Zaka zinapita. Ndinapeza ntchito yolemba makalata mu ofesi, ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wamkazi. Amayi anamwalira. Maso a Ababa anayamba kuchita khungu, ulusi osalowanso pa singano, miyendo n'kumatupa. Ndinawatenga kuti tizikhala limodzi. Anabwera ndi bokosi la zida, ngakhale panalibenso chosoka, ndipo pansi pa bokosilo panali buku lija.

Mwana wanga anali ndi zaka zinayi. Agogo ake anamutcha Kaphazi, poti ankavula nsapato paliponse. Ndinali nditamugulira kale buku lomwelo latsopano, lonyezimira, pakuti m'masitolo likadalipo ndipo anzanga onse ku ofesi amati anakula ndi lomwelo. Koma ndikamamuwerengera, ankayasamula pa tsamba lachitatu. Ndinayesa kukumbukira za Ababa. Za kondakitala zinabwera, za mlamu galu zinabwera pang'ono. Tsamba lomaliza ndiye mutu unangoti zii. Ndinalimva kambirimbiri ndili pamwendo pawo, koma chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi cholembedwa chija: Mbuzi yagona.

Ndinkafuna zinthu ziwiri, kuwapepesa ndi kumvanso nthanoyo mpaka kumapeto. Zonse zinali zotheka ndi mawu ochepa. Koma munthu amene ndimalemba makalata a anthu ena tsiku lonse ndinkangozungulira.

"Ababa, kodi mbuzi ija inkathera bwanji?"

"Si zinalembedwa? Onani momwemo."

"Ayi, ndikunena mmene munkanenera inu."

"Aa, zija zinali zocheza. Ine ndingakunamizeni, Aphunzitsi."

Ndikamva dzinalo ndinkapsa mtima, osati ndi iwo, koma ankalandira ndi iwo. Ndinkanyamuka n'kukaombetsa mapoto kukhitchini.

Tsiku lina magetsi anazima ku ofesi ndipo tinaweruka masana. Nditafika pakhomo ndinamva mawu m'chipinda chochezera: gwa, pha-pha-pha, gwa, pha-pha-pha. Kaphazi akuseka mpaka kutsamwa. Ndinaima m'kakhonde nditagwira chikwama. Ndinasuzumira. Anali atamukhazika pamwendo wotupa uja, buku lakale lili m'manja, chala chikuyenda pansi pa mawu amene sankawaonanso n'komwe. Anali pa basi. Kunatsala masamba anayi okha.

Makiyi anandipulumuka n'kugwa pa simenti.

Ababa anatseka buku msanga ngati mwana wogwidwa akuba shuga. "Aphunzitsi abwera, Kaphazi. Tiye tibise umbuli wathu."

"Pitirizani, Ababa."

"Ayi, timangoona zithunzi."

Pamenepo ndiye panali poti ndigwade, ndigwire mwendo wawo, ndinene kuti ndinali mwana wopusa ndipo buku lenileni linali lawo. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Mwamwa mankhwala a masana?" Anati amwa. Ndinapita kukasintha zovala, ndikudziuza kuti ndinena Lamlungu, tikakhala awiri.

Lamlungulo kunabwera alendo. Linalo ndinali ndi chimfine. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lachinayi lina m'mawa Ababa anagwa m'bafa, ndipo kuchipatala anakhala masiku atatu osayankhula. Ndinawapepesa ali pabedi, ndikuwasisita zala zimene polishi sanachokemo m'zikhadabo ngakhale patapita zaka. Namwino anati mwina akumva. Ine sindikudziwa, ndipo sindidzadziwa.

Titaika maliro, nyumba inakula. Bokosi la zida ndinalikankhira pansi pa bedi lawo kuti ndisamalione. Patatha sabata ziwiri, Loweruka masana, ndikupinda zovala, Kaphazi anabwera atakumbatira buku la chikuto cha chikopa. Latsopano lija sankalikhudza.

"Amayi, ndiwerengereni."

Ndinamukhazika pamwendo. Pansi pa mzere uliwonse panali kanjira kakuda ka chala cha Ababa, kopitirira pamene mawu athera. Ndinayesetsa. Ndinachita gwa, pha-pha-pha, iye n'kundikonza kuti gwa amakhala wamphamvu. Kondakitala ndinamukwanitsa. Za mlamu galu anandithandiza ndi Kaphazi. Kenako tinafika pa kanyumba kaja, ndipo ndinalibe china choti ndinene.

"Mbuzi yatopa," ndinawerenga. "Mbuzi yagona."

Kaphazi anatembenuka n'kundiyang'ana ndi nkhope yokwinya.

"Amayi mukunama. Sizili choncho."

"Nanga zili bwanji, mwanangu?"

"Inu simudziwa kuwerenga eti?" Analanda buku, n'kuika kachala kake pansi pa mawu. "Mbuzi sinagone. Yangotseka maso, ikumvetsera mapazi. Nsapatoyi si yake, ndi ya mwana wake. Yayenda nayo ulendo wonse kuti ifewe, isadzamupweteke. Ndiye mwanayo anapita kusukulu. Ndiye ikumudikira pakhomo kuti akabwera imuveke."

"Ndiye anabwera?"

"Agogo amati sanafikebe. Amati tikatsegulanso mawa, mwina tipeza wafika."

Sindikudziwa ngati awa ndiwo mathero amene ankandiuza ine pakhonde pa sitolo ya zitsulo, kapena anawasoka pambuyo pake, zaka zonse zija ndikudutsa pafupi nawo ndi mapepala anga. Wondiuza palibenso. Ndinalira mwana akuona, kulira konyansa, kwa mamina, mpaka anachita mantha n'kuyamba kundipukuta ndi siketi yake.

"Musalire, amayi. Titsegulanso mawa."

Timatseguladi, pafupifupi tsiku lililonse. Iye amathamangira ku tsamba lomaliza kukaona ngati mwana wafika, ndipo amapeza mbuzi ili pomwepo, maso otseka, nsapato patsogolo. Chaka chamawa Kaphazi ayamba sukulu.