Mpasa wa a Lucius

Aliyense wogula nsomba mumsika wa Ndirande amawadziwa a Lucius, bambo wamtali wa benchi yoyandikana ndi yanga. Ine ndimagulitsa usipa. Iwo ankagulitsa mpasa wowamba basi, ndipo mabwana ankachokera ku Chinyonga kudzaufuna.

Anabwera ku Blantyre kudzagwira ntchito pafakitale ina ku Makata. Ntchito itatha mu 1991, anakumbukira Linthipe, mtsinje wa kwawo ku Salima. Kumeneko bambo awo anawasiyira biyo, mpanda wa mitengo ndi bango wodutsa mtsinje, momwe amatcheramo miono. Mng'ono wawo Maxon ndiye ankausamala. Iye ankagwira nsomba, kuwamba, n'kutumiza dengu pabasi.

Mpasa umakwera mtsinje nthawi ya mvula kukaikira mazira kumtunda. N'chifukwa chake pakati pa biyo ankasiyapo mpata. A Lucius ankanyadira zimenezi ngati ndi digiri.

"Kwathu sititseka mtsinje wonse," ankauza kasitomala aliyense, ngakhale wofulumira. "Zina zidutse, zikaswane."

"Akulu, ine ndabwerera ndiwo, osati ulaliki," wina ankatero, ife n'kumaseka.

Chaka cha chisankho cha 1994 madengu anabwera odzaza kuposa kale. Chaka chotsatira anayamba kupepuka, nsomba zake zing'onozing'ono. Pofika 1997 dengu linkabwera mwa apo ndi apo, theka lokha. Maxon ankauza kondakitala wa basi kuti akanene kuti olakwa ndi anthu a kumunsi, amene atchinga mtsinje ndi maukonde ati ufulu wafika. A Lucius ankawatukwana anthuwo tsiku lonse, osawadziwa n'komwe.

Za mng'ono wawo sankakayika. Atamva kuti ana ake akudwaladwala malungo, anasiya kudya masana mpaka anagula masikito obiriwira ku Limbe, n'kuwatumiza. Chaka china anatumizanso ena, chifukwa Maxon anati oyamba aja anadyedwa ndi makoswe.

Mvula ya 1998 itayamba, anaganiza zopita okha kukakumana ndi anthu a kumunsiwo. Anandisiyira benchi. Sanauze aliyense kumudzi kuti akubwera, ndipo atatsika basi analunjika kumtsinje asanafike kunyumba.

Mpata unalipo ndithu, koma unali wotsekedwa. Masikito awo aja anali atasokedwa pamodzi, kuwakunga kuchokera pamtengo wina kufika pa wina, pansi atapsinja ndi miyala. Ngakhale kansomba konga chala sikakanadutsa. Maxon anali m'madzi ofika m'chiuno, akukokolola timwana ta mpasa ndi beseni.

"Iwe Maxon! Ndi chiyani ichi?"

"Aa, achimwene! Bwanji osanena kuti mukubwera?"

"Ndikufunsa za masikitowa."

Maxon anatuluka m'madzi, osachita manyazi n'komwe. "Achimwene, ndikasiya mpata, wa kumtunda agwira. Nanga ndisiyire iyeyo? Madengu odzaza aja munkawalandira mukusekerera. Munafunsapo kuti achokera kuti?"

"Ana akugona bwanji?"

"Monga tinkagonera ifeyo. Tinafa?"

A Lucius anati anafuna kung'amba masikitowo, koma ataponya maso kumtunda anaona biyo lina, kenako linanso, onse otseka. Anangokhala pamwala. Mtsinje umene ali mnyamata unkachita kuwira ndi nsomba unkangoyenda phee.

Anabwerako dengu lili mbee. Ndinawauza kuti asataye mtima, tigawane usipa wanga, pamodzi titha kumaoda wambiri ku Limbe pamtengo wabwino. Anavomera, ndipo malonda sakuyenda moipa. Koma salankhulanso ndi makasitomala. Amangoyeza mulu, n'kukulunga m'pepala.

Mwezi watha mnyamata wa wilibala anabwera kudzanena kuti kudepoti kwafika dengu lawo lochokera ku Salima, lolemera ndithu.

"Ndikatenge, bambo?"

A Lucius anapitiriza kuyeza usipa.

"Kauze kondakitala alibweze komwe lachokera."