Suraya wa Bambo, Nsangwe za Amayi

Kwathu ku Nkhotakota bambo ndi amayi sankakangana za ndiwo kapena za ife ana. Awo mkangano wawo unali wa nyenyezi. Bambo anali telala pakhonde la sitolo ina pa Boma, ndipo mayina a nyenyezi anawaphunzira kwa atate awo, m'Chiarabu. Akabwera kuchokera kumzikiti ku swala ya magharibi, pemphero la madzulo, mdima ukungoyamba, ankaima pabwalo kofia itapendekera kumbuyo, n'kumaloza: uyo Zuhura, uyo Suhaili, kagulu kothithikana ako ndi Suraya.

Amayi, mwana wa ku Chia wokulira m'minda ya mpunga, sankalola.

"Suraya wakuti? Izo ndi Nsangwe. Zikamatuluka madzulo chonchi, konzani mbewu, mvula yayandikira."

"Mayi, nyenyezi imeneyi inali ndi dzina anthu a kwanu asanauone n'komwe mpunga."

"Ndiye muzidya dzinalo, mpunga mutisiyire ife."

Ife tinkangogubuduka pamphasa ndi phwete. Chaka ndi chaka nkhani inali yomweyo, ndipo palibe ankagonja.

Ndili wamkulu kale, ng'ala inawagwira bambo maso onse awiri. Poyamba ankatipempha kuti tiwalowetsere ulusi pasingano, kenako makina awo osokera anawaphimba ndi chitenje. Pabwalo ankatulukabe, koma osalozanso. Chimene chinandipweteka kwambiri ine n'chakuti amayi anasiya kutsutsa. Ankakhala pambali pawo n'kumawauza mofatsa kuti, "Suraya wanu uja watuluka, ali pamwamba pa mtengo wa mango." Dzina loti Nsangwe linasowa pakhomo, ndipo panazizira zedi.

Atamva kuti kuchipatala kwabwera madokotala a maso, bambo anakanitsitsa, ati diso si malaya oti munthu n'kusokapo chigamba. Amayi ndiwo anawakweza pakabaza mochita kuwakankha. Atawachita opaleshoni, tsiku lowamasula bandeji, adokotala anawafunsa ngati akuona zala zimene anatambasula.

"Zala ndikuziona," anatero bambo, "koma zala n'zazikulu. Tikaona madzulo."

Ankanena zoona. Suraya ndi tinyenyezi ting'onoting'ono, diso lofooka limangoona ngati kautsi.

Madzulo amenewo tonse tinali pabwalo, ngakhale mlamu wanga amene nyenyezi alibe nazo ntchito. Ine mtima unali m'mwamba, sindinama. Bambo anayang'ana kum'mawa nthawi yaitali. Amayi analephera kupirira.

"Ali pamwamba pa..."

"Takhalani chete, mayi."

Anakweza dzanja pang'onopang'ono, chala n'kulunjika pamalo pake penipeni.

"Alhamdulillah. Suraya uyo. Sanasunthe n'komwe."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anayang'ana komwe bambo ankaloza, n'kutsokomola pang'ono.

"Suraya wakuti? Izo ndi Nsangwe."

Bambo anaseka mpaka kofia inagwa pansi, ndipo anaitola okha, popanda wowalozera.