Bawuti wa Bedi la Bambo

Bawuti uja ndimamukumbukabe: wamfupi ngati chala changa, wozizira ngakhale ndimufumbate tsiku lonse. Anali wa bedi lachitsulo lomwe bambo anamwalirirapo m'fulati yathu ku Ongar, kutsidya kwa nyanja, ine ndili ndi zaka eyiti.

Kwathu kumudzi nyumba ya malemu imagwetsedwa kuti mzimu usamabwerereko. Nanga fulati ya lendi, pamwamba pa mabanja ena, ungaigwetse? Amalume, omwe ankadula zitsulo zakutha pa yadi ina kufupi ndi doko, anagamula kuti bedilo lilowe m'malo mwa nyumba. Analimasula ndi sipanala n'kulikweza m'vani. Bawuti mmodzi anagubuduzikira kumapazi kwanga. Ndinamuponda kuti asaoneke, kenako n'kukamubisa.

Loweruka lake anatitengera kuyadiko kuti mayi akaone ndi maso. Kunkanunkha dzimbiri lonyowa. Chimaginito chachikulu chonyamulira zitsulo chinatsika mwakachetechete, ndipo bedi lathu linadzuka lokha n'kuchilumphira. Amalume anati likwera sitima yapamadzi kupita ku ng'anjo za ku Turkey kapena Spain, komwe chitsulo chimasungunuka ngati phala, n'kubwerako chili njanji kapena sipuni. "Chitsulo sichifa, mphwanga," anatero. Lero ndimati munthu wamkulu sanena zotere kwa mwana wamasiye.

Nyengo yozizira yonseyo mayi ankamva bedi likulira kuchipinda, kwiii, masanasana, monga linkalirira bambo akamatembenuka. M'chipindamo munalibe kanthu. Anasiya kudya, n'kuyamba kujomba kuntchito. Amalume analumbira kuti sipanatsale ngakhale kawaya. Ine ndinkadziwa. Bawutiyo anali m'sokosi yakale pansi pa zovala zanga, ndipo ndinkaopa kuti ndikupha mayi anga. Koma kumutaya kunali kutaya bambo. Ndinakakamira, kuuma mtima konseko pa msinkhu umenewo!

Tsiku lina posankha zochapa mayi anamupeza. Ndinadikira mbama. Iwo anangomuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kundifunsa chapansipansi, "Nawenso umalimva?" Ndinavomera ndi mutu, chonsecho ndinali ndisanalimvepo.

Amalume atabwera kudzationa, mayi sanawauze. Bawutiyo anamumanga pamfundo ya chitenje chawo, ndipo tsiku lomwelo anadya mpaka kuonjezera. Ine mutu unaima. Nthawi yonseyo ndinkayesa kuti mayi akufuna kulira kwa bedi kuja kuthe.