Mayi Olira Maliro a Eni

Kwathu kuno ku Connemara, munthu akamwalira timaimitsa wotchi, kutsegula zenera kuti mzimu utuluke, kenako kukaitana mayi ena okalamba a kuseri kwa phiri. Iwo ndiwo amatsogolera kulira. Amamasula tsitsi n'kuyamba kutchula womwalirayo ndi makolo ake, mpaka amuna ouma mtima kugwetsa misozi. Koma salira mtembo usanasambitsidwe. "Ukafulumira, mzimu umasochera," amatero.

Chaka chatha Colm, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamira akupha nsomba. Nyanja sinabweze mtembo.

Nditapita kukapepesa, ndinawapeza ali duu, madzi osambitsira maliro ali pamoto.

"Lirani, mayi, mtima upepuke," ndinatero.

"Ndilire bwanji, mwanawe? Sanasambe."

Mpaka lero amatenthetsabe madziwo m'mawa uliwonse.