Geti litawakana bambo anga

Bambo anga analowa ntchito ku wekishopu ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Bindura ali mnyamata, ndipo anatulukako tsitsi lonse litayera. Ine ndinalowa pa mgodi womwewo ndi pepala la zamakompyuta. Bambo ankauza anzawo kuti mwana wawo wamkazi amalipidwa chifukwa chokhala pampando. Sindinkawatsutsa, mpandowo unalidi wabwino.

Mu ofesi mwathu munali mapulogalamu awiri amene sankalankhulana ngati akazi a pamitala. Ina inkasunga zoti uyu ndi ndani ndipo aloledwe kulowa pati: khadi la pageti, imelo, sitolo ya zida. Inayo inali yolandira madandaulo. Munthu chikamuvuta ankalemba tikiti, tikitiyo n'kupita kwa woyenera kukonza. Ndiye munthu akasiya ntchito pankafunika wina akumbukire kulemba tikiti yotsekera zinthu zake, koma pa mgodi pathu kukumbukira sinali ntchito ya aliyense. Anthu amene tinakawaika tokha kumanda tikuimba, makhadi awo anali akadali amoyo. Madala opuma pa ntchito ankabwerabe m'mawa kudzamwa tiyi ndi kutchaja mafoni ku wekishopu, miyezi n'kumapita, mpaka miyendo yawo itakana yokha.

Akuluakulu ofufuza za kayendetsedwe ka kampani atabwera kuchokera ku Harare, anaona zimenezi n'kugwira pakamwa. Abwana anga anatuluka thukuta, thukutalo linadzagwera ine. Anandiuza kuti ndilumikize mapulogalamu awiriwo.

Ntchitoyo inandikoma, ndisaname. Choyamba ndinalimbana ndi mayina, poti munthu mmodzi yemweyo kuno anali ndi dzina la pachitupa, uko la ubatizo. Kenako ndinakonza zoti a ku ofesi yolemba antchito akangoika tsiku lomaliza la munthu, khadi ndi imelo zizitsekeka zokha tsikulo likatha, matikiti n'kuthamangira kwa alonda ndi kusitolo kuti akalandire chipewa ndi zida za kampani. Ndinapanga wantchito wabodza woyeserapo, ndipo ndinkamuchotsa ntchito kangapo patsiku. Sanadandaulepo. Ndinaikamonso lamulo loti mlendo aliyense alowe ndi tikiti, ndipo womuitanayo asatalikirane naye mpaka atatuluka. Pamsonkhano ndinachita kuimirira n'kunena kuti lamulo limeneli silidziwa wachibale.

Munthu weniweni woyamba kupuma pa ntchito zitalumikizidwa anali bambo anga.

Tsiku lawo lomaliza linali Lachinayi, phwando lotsanzikana Lachisanu, chifukwa ku wekishopu satsanzikana ndi munthu tsiku limene akadali ndi mafuta m'manja. Phwando la kumeneko ndi la amuna okhaokha. Amawotcha nyama pa dramu lodula pakati, kenako wopumayo amamukhazika pakati n'kumuvula ulemu wonse: zimene anaphwanya, amene anamukana, tsiku limene anathawa mpaka kutaya nsapato. Amamutukwana m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chilapalapa chimene azungu akale ankawatukwanira, iye n'kumabweza. Bambo anali atanyoza anthu ambiri pa maphwando amenewa, ndipo lawo ankaliyembekezera kuposa penshoni. Mayankho anali atakonzeratu. Amayi ankawamva akuseka okha kubafa.

Lachisanu masana foni inalira mu ofesi. Anali mlonda wa pageti.

"Sisi, sekuru vari pano. Kadhi ravo rafa."

Ankandiuza m'Chishona kuti mdala ali pageti, khadi lawo lafa. Ndinathamanga. Ndinapeza bambo atavala jekete la kutchalitchi, akugunditsa khadi pa kachitsulo ka pageti, kagetsi n'kumangoyaka kofiira. Fungo la nyama linkafika mpaka pamenepo.

"Iwe, geti lanuli lapenga," anatero.

"Silinapenge, baba. Ntchito munamaliza dzulo."

"Ndiye landiiwala usiku umodzi?"

Mlondayo anafuna kuwatsegulira pambali, koma mkulu wa alonda anali ataima chapomwepo, manja kumbuyo, akundiyang'ana. Pamsonkhano uja analipo. Ndinatulutsa foni n'kulemba tikiti ya mlendo, womuitana ine. Inavomerezedwa ndisanabweze foni m'thumba, ndipo mtima wanga wopusawu unanyadira liwirolo. Mlonda uja anawapachika khadi la alendo m'khosi, n'kuwawerengera malamulo onena kuti ku wekishopu kuli makina oopsa. Bambo anagwedeza mutu ngati akumva zachilendo.

Tinalowa, ine patsogolo. Amuna aja anawalandira ndi phokoso, wina atayamba kale kukuwa mawu amene sindingalembe pano. Atandiona, mawuwo anamuthera m'kamwa. Ndinapempha kapitawo wa ku wekishopu kuti mlendoyo akhale wake ine ndichoke. Zimenezo zinkafuna tikiti ina, yovomerezedwa ndi bwana amene tsikulo anali pa ulendo, foni atazimitsa. Lamulo limenelinso ndinakonza ndine. Ndinayesa kukaima kuseri kwa khomo, mkulu wa alonda, amene anabwera kudzadya nawo nyama, anatsokomola. Ndinabwerera.

Amuna aja anandipatsa mpando wabwino kuposa yonse, pafupi ndi bambo. Amuna akuluakulu sanganyoze munthu mwana wake wamkazi akumva, ndipo bambo sangatukwane ine ndili pomwepo. Choncho anayamba ndi pemphero. Mmodzimmodzi anaimirira n'kunena kuti mdalayu anali wolimbikira, wosunga nthawi, wokonda anthu. Dala wina amene anakhala akutukwanizana nawo kuyambira ndisanabadwe ananena kuti anaphunzira zambiri kwa iwo, maso ali pansi. Zinali ngati tili pa maliro, koma malemu akudya nawo nyama. Bambo ankangoti, "Zikomo, zikomo, maita basa." Kamodzi ndinawaona akutsegula pakamwa, maso akuwala, kenako anandicheukira n'kuluma nyama.

Ndinamva chisoni, komanso ndinapsa mtima, popanda woti ndimupsere. Phwando linatha dzuwa lidakali pamwamba, anthu anabalalika mwaulemu.

Pageti bambo anavula khadi lija okha, n'kulipereka kwa mlonda ndi manja awiri. Tinayenda kulowera ku komboni, magalimoto a miyala akutithira fumbi. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero, ngakhale m'Chilapalapa. Titayandikira kunyumba anaima n'kukutumula fumbi pa jekete.

"Makina akowa amagwira ntchito bwino, mwanawe," anatero. "Sindinkadziwa kuti ndiwe katswiri chonchi."

Sankanyoza ayi. Ankanena zochokera pansi pa mtima, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka mpaka lero.